Za paipi ya agogo ija, amalume

Amalume, mwaswera bwanji ku Johannesburg? Uthenga wanu ndaumva, ndiye ndati ndiyankhe pagulu pompano kuti azakhali ndi ena onse amve nawo. Mwafunsa ngati tivomere kuti agogo awaike paipi yodyetsera ya m'mphuno, poti anthu akuti wodwala akaikidwa paipi ndiye kuti zatha. Ine ndikuti tivomere, amalume. Chonde tivomere.

Mukudziwa, sitiroko ija sinangogwira mkono ndi mwendo ayi, yafooketsanso minofu ya kummero. Pakhosipa pali njira ziwiri zoyandikana, ina ya chakudya yopita m'mimba, ina ya mpweya yopita m'mapapo. Munthu akamameza, ya mpweya ija imatsekeka yokha. Kwa agogo ikuchedwa kutsekeka, ndiye zomwe ameza zina zikulowera kumapapo. Kutsokomola kuja akamwa tiyi, misozi kulengeza, mawu kumveka ngati muli madzi pakhosi, ndi zimenezo. Mapeto ake chimakhala chibayo, ndipo pa msinkhu wawowu chibayo ndi chimene ndikuchiopa kwambiri. Odwala ena satsokomola n'komwe koma zikulowa ndithu. Ndipo choopsa kuposa zonse ndi madzi enieniwa, chifukwa amathamanga mmero usanakonzeke. Ndiye zowamwetsa ndi supuni mobisa anamwino akatuluka, ndikudziwa kuti ndi chikondi, komanso kutentha kwa kuno ku Mangochi munthu umamva chisoni, koma tisiye kaye.

Zoti paipi imapha, ine ndimaona chonchi: mabanja ambiri amakana mpaka wodwala atafookeratu ndi njala, avomera mochedwa, ndiye akamwalira mlandu umagwera paipi. Iyo imangodutsa m'mphuno kutsikira m'mimba. Apuma bwinobwino, alankhula momwe akulankhuliramu. Polowetsa imasautsa pang'ono, sindikubisirani. Koma ambiri a sitiroko kumeza kumabwerera pakapita masabata ochepa, paipi n'kuchotsedwa. Zikapitirira mwezi ndi kuposera m'pamene madokotala amakamba za ina yolowera pamimba penipeni, koma zimenezo tisathamangire.

Tsopano azakhali, inu amene mukugona nawo m'chipatalamo, imvani apa. Podyetsa, agogo akhale tsonga kapena muwatsamiritse bwino ndi mapilo, ndipo mukamaliza asagone chagada mpaka patadutsa mphindi 30 kapena kuposera. Musanathire kanthu yang'anani pamphuno, pamene pali chizindikiro ndi pulasitala. Mukaona kuti paipi yasolokako, kapena aikoka usiku, kapena ayamba kutsokomola ndi kubanika mukuthira, lekani pomwepo, itanani anamwino. Osaikankha nokha, imatha kusochera n'kulowa kumapapo. Chakudya chikhale chofunda chabe, chosefedwa bwino, monga likuni phala lamadzimadzi lothira mkaka, ndipo chizitsika pang'onopang'ono. Madzi owiritsa oti azizira muzithira poyamba ndi pomaliza kuti paipi isatsekeke. Mapilitsi musapere musanafunse, ena saperedwa. Mkodzo ukamachepa n'kuderako, auzeni, ndiye kuti madzi akuperewera m'thupi.

China chimene anthu amaiwala ndi m'kamwa. Ngakhale sakudyera pakamwa, muziwatsuka mano ndi lilime m'mawa ndi madzulo, chifukwa malovu akuda nawonso akatsikira kumapapo amayambitsa chibayo chomwecho.

Akadzawayesa n'kunena kuti ayambe kudyera pakamwa, sikuti tidzawapatse nsima ndi chambo tsiku lomwelo, ngakhale ndikudziwa adzachifunsa, agogo ndi nsomba simungawalekanitse. Tidzayamba ndi phala logwira, losalala, lopanda mibulu, loti likhazikike pasupuni osayenderera. Nthochi yakupsa yokanya, mapeyala, dzungu, mbatata yophika yokanya bwino. Usipa wouma tizidzasinja n'kusefa, ufa wake tizithira m'phala pamodzi ndi nsinjiro. Chambo ndiye chifunika kuchotsa munga uliwonse ndi zala n'kuchinyenya mpaka chisalale. Mpunga, mtedza wokazinga, chimanga chootcha, buledi wouma, zimenezo ayi. Ngakhale thobwa losasefa, chifukwa madzi ndi timisere zikasakanikirana mmero umasokonezeka. Zakumwa adzatiuza akuchipatala kuti zikhale zogwira motani. Supuni yaing'ono, ameze kaye musanapereke ina, osawalankhulitsa chakudya chili m'kamwa, ndipo pomaliza muzisuzumira m'tsaya la mbali yofookayo, chakudya chimabisala mmenemo. Thupi likatentha kapena akamapuma mothamanga, kuchipatala tsiku lomwelo.

Ndiye amalume, inu ndi amene mawu anu akudikiridwa. Aimbireni azakhali usiku uno kuti mawa adokotala akamazungulira m'wodi akapeze yankho lilipo. Ndalama imene mumati mutumize ija ipite ku mkaka, likuni phala ndi kasefa kabwino. Ine ndifika mawa ndikaweruka, tidzadyetse limodzi ndi azakhali.