Funsani Wojambula: Njinga ikuthamanga koma pachithunzi ikuoneka yoimika

FUNSO: Zikomo akuluakulu, ine ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Lilongwe ndi Canon 700D. Mnzanga wowotcherera wasintha Honda CG125 yakale kukhala café racer, mpando wadula, handulo watsitsa, thanki wapenta yekha, njinga yake yooneka bwino zedi. Magazini ina ya okonda njinga zamoto ku Joni yati titumize zithunzi njingayo ikuyenda, koma ndikajambula imaoneka ngati angoiimika pamsewu, apo ayi chithunzi chonse chimatuluka mbuu. Ndikulakwitsa pati? Wowerenga wa ku Kawale.

YANKHO: Achimwene, kamera yanuyo ndi yokwanira, musayambe kuganiza zogula ina. Nkhani ili pa shutter speed, nthawi imene kamera imakhala yotsegula kuti kuwala kulowe. Mukaika 1/1000 kapena 1/2000 ya sekondi kamera imaumitsa chilichonse mpaka munthu atha kuwerenga masipoko a wilo, mitengo ya kumbuyo nayo ili njo, ndiye woona adziwa bwanji kuti njingayo imayenda? Magazini amafuna njinga ioneke bwinobwino koma mawilo akuzungulira ndipo za kumbuyo zikokeke ngati zikuthawa.

Zimenezi zimatheka ndi panning, kutsatira njinga ndi kamera pa liwiro lake lomwelo. Ikani kamera pa Tv, pomwe mumasankha nokha shutter speed, yambani ndi 1/125, dzanja likazolowera tsikirani pa 1/60. Focus ikhale pa AI Servo yomwe imatsatira chinthu choyenda, a Nikon ndi Sony yawo ndi AF-C, musankhe kadontho kamodzi ka pakati nkukaloza pa thanki kapena pa injini. Tsegulaninso burst kuti izijambula motsatizana mukadina batani osasiya, 700D imawombera zithunzi 5 pa sekondi. Ndiye apa mumvetsetse: zigongono zigunde nthiti, mapazi ayang'ane komwe njinga ikupita, muzitembenuka ndi chiuno osati manja okha, ndipo mukadina batani musaime, pitirizani kuitsatira mpaka yadutsa. Ambiri amaima pomwe adinapo, mbuu uja amachokera pamenepo. Zambiri zizituluka zoipa, musataye mtima, mumuuze mnzanuyo azingobwereza kudutsa pamzere umodzimodzi, ndipo asathamange mopenga, makilomita 40 kapena 50 pa ola akwana.

Dzuwa lathu lino ndi vuto lina. Masana pa ISO 100 ndi 1/60 kamera imakutengerani ku f/20 kapena f/22, kutanthauza kuti kabowo ka lenzi kachepa kwambiri, fumbi lonse la pa sensor nkuonekera pachithunzi, komanso zitsulo zonyezimira ngati ekizozi zimangowala osaoneka kanthu. Pezani fyuluta ya ND8 yoika kutsogolo kwa lenzi, imachepetsa kuwala ndi masitopu 3, mubwerera cha ku f/8. Ikasowa jambulani mmamawa kapena dzuwa likupendeka, penti ya thanki imatuluka bwino nthawi imeneyo. Kumbuyo kukhale mitengo, mpanda wa njerwa kapena munda wa chimanga, thambo lopanda kanthu silionetsa liwiro.

Chimene ine chimandikhudza kwambiri ndi ntchito ya wowotchererayo, munthu wathera miyezi akudula ndi kupala zitsulo ndiye chithunzi chionetse thukuta lakelo. Pa CG125 ekizozi ili kumanja, tcheni kumanzere. Poti kuno timayenda kumanzere kwa msewu, mukaima mbali yomwe njinga ikudutsa muona tcheni basi, wolokani mukaime tsidya linalo kuti ekizozi ndi injini zioneke. Gwadani pansi, lenzi ifanane ndi thanki, njinga imaoneka yamphamvu. Mukamaliza izimitseni mujambule pafupi zowotcherera, msoko wa mpando, handulo ndi nyali, owerenga magazini oterewa amayang'anitsitsa tizinthu timeneti.

Chonde musakachitire pa M1 kapena pamsewu wa maminibasi, pezani kamsewu kaphee, wina aziona magalimoto, inu osaima pakati pa msewu, wokwerayo avale helemeti, magolovesi ndi nsapato zotseka. Zojambula mutalendewera kumbuyo kwa pikapu zisiyeni kaye.

FUNSO: Ndinatumiza zithunzi pa WhatsApp koma a magazini akuti nzazing'ono sizingadindike, chonsecho pafoni zikuoneka bhobho. Mayi wojambula ku Blantyre.

YANKHO: Achemwali, WhatsApp imafinya zithunzi mukazitumiza mwachizolowezi. Tsamba la A4 podinda pa 300 dpi (madontho 300 pa inchi) limafuna mapikiselo 2480 x 3508, ndiye tumizani ngati document, kapena ikani pa Google Drive muwapatse linki. Jambulani mu RAW, fayilo yosunga zonse zimene kamera yajambula, ngati kamera yanu ikulola, ndipo zina zikhale zoimirira, pamwamba musiye malo oti alembepo dzina la magazini, pakuti chapachikuto amasankha pa zoterozo. Musanatumize mugwirizane za malipiro komanso kuti dzina lanu lilembedwe pambali pa chithunzi.