Kwa mlongo wa ku Kaunda Square, mu Lusaka, amene akufuna kujambula nyimbo kunyumba

Mlongo wanga, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mumayimba m'kwaya, muli ndi nyimbo zanu zisanu zomwe zangokhala m'foni, mwatopa kulipira situdiyo pa ola, ndipo mwasonkhanitsa K5,000. Laputopu muli nayo, ya Windows, RAM yake 8 GB, komanso pali mnyamata wa ku tchalitchi amene amakulizirani kiyibodi. Ena muno akuuzani kale kuti mugule kabokosi ka mawu ka V8 ndi maiki ya BM-800, ena akuti popanda Scarlett, kabokosi kolumikiza maiki ndi kompyuta, palibe chanu, wina walonjeza kukuyikirani pulogalamu yojambulira nyimbo ya FL Studio "yaulere". Ine ndakhala ndikujambula anthu m'kachipinda ka lendi ku Chilenje kwa zaka zingapo, ndipo ndalama zina ndinazitayira m'njira zomwezi, choncho ndiloleni nditalikitseko.

Musanakwere basi ya m'tauni, chitani ichi kaye. Lowani m'chipinda chomwe mukufuna kujambuliramo, tsekani chitseko, yatsani chojambulira mawu cha pa foni, mukhale chete mphindi imodzi. Kenako mumvetsere ndi mahedifoni. Mudzadabwa. Mudzamva firiji, galu wa aneba, kondakitala akuyitana anthu pa siteshoni, jenereta ya kometera tsitsi, zonse zomwe makutu anu anasiya kale kuziwerengera. Mukatero, imani pakati pa chipindacho muombe m'manja kamodzi. Phokosolo likabwerera ngati muli m'bafa, dziwani kuti mawu anu adzabwereranso chimodzimodzi. Nyumba zathu zambiri ndi za mabuloko, pansi simenti kapena matailosi, pamwamba malata, mwinanso opanda siling'i. Chipinda chimenecho ndicho chikusankhireni maiki, osati dzina lolembedwa pa katoni.

Ndikunena izi chifukwa maiki yanga yoyamba inali condenser, yabwino ndithu, ya mtundu womwe mumawona pa zithunzi za masitudiyo akuluakulu. Tsiku lina ndinkajambula mayi wina wa mawu okoma kwambiri. Tinabwereza vesi yachiwiri kasanu ndi kawiri, ndipo ulendo womwe anayimba mpaka misozi kulengeza m'maso, tambala wa alandilodi analira kuseri kwa zenera, ndendende pa liwu lomaliza lomwe mayiwo analikoka motalika. M'chipindamo sitinamumve kwenikweni. Titabweza kuti timvetsere, tambalayo anali poyera ngati nayenso ndi wa m'kwaya. Ndinayesa kumudula usiku wonse, koma anali atalowa m'kati mwa liwu lenilenilo. Mayiwo sanayimbenso choncho tsiku limenelo.

Condenser imamva patali, ndipo munthu amayimba atatalikirako pang'ono, ndiye chipinda chonse chimalowa nawo. Maiki ya dynamic, ija mumagwira kutsogolo ku tchalitchi, imafuna pakamwa pafupi, zala ziwiri kapena zitatu basi. Kuyandikirako kumachititsa kuti mawu anu apose phokoso lakunja kutalitali. Ku komboni, kapena nyumba iliyonse yoyandikana ndi msewu, yambani ndi dynamic. Yodziwika kwambiri ndi Shure SM58, yomwe yakhala pa msika kuyambira 1966. Kunja mtengo wake umazungulira madola 100, ndiye wina akakuwonetsani "SM58" yatsopano pa mtengo wa nsapato za salaula, imeneyo ndi yonamizira, ndipo zonamizira zilipo zambiri. Ndi ndalama zanuzo ine ndingatenge Behringer XM8500. Ndi yotsika mtengo, ndi dynamic, ndipo ntchito imagwira popanda kudzitcha dzina la mnzake.

Za V8 ndi BM-800 sindikhalitsapo. Kabokosi ka V8 anakapangira anthu ocheza ndi kuyimba pa foni pompopompo, n'chifukwa chake kali ndi mabatani a kuwomba m'manja ndi kuseka. Eko yake ikalowa m'mawu yalowa, simungayichotsenso, ndipo munthu wodzakumikisirani nyimbo, uja wosakaniza mawu ndi zoyimbira kuti zimveke bwino pamodzi, adzakubwezani. Pochezera anthu pa Facebook kapena TikTok n'kabwino. Pa nyimbo zisanu zomwe mwazisunga nthawi yonseyi, ayi.

Tsopano interface. Ndi kabokosi kokhala pakati pa maiki ndi kompyuta. Kamakweza timawu tofowoka tochokera ku maiki, kamatisandutsa manambala omwe kompyuta imamva, kenako kamabweza mawuwo ku mahedifoni anu. Pogula, musatengeke ndi mtundu wofiira kapena wakuda. Yang'anani kuti kali ndi polowera chingwe cha XLR, chija cha mano atatu. Yang'anani batani lolembedwa Direct Monitor. Batani la 48V, lotumiza moto ku maiki ya condenser, likhaleponso, ngakhale dynamic silifuna, chifukwa tsiku lina mudzasamukira kwa zii n'kugula condenser. Koma chachikulu, chomwe ogulitsa ambiri satchula, n'chakuti kakhale ndi driver yakeyake ya ASIO yopangidwa ndi kampani yomweyo, ndiye kuti kapulogalamu kothandiza kabokosiko kumvana ndi kompyuta.

Driver imeneyi ndiyo imalekanitsa kuyimba momasuka ndi kuvutika. Kompyuta sitenga mawu kamodzin'kamodzi, imawatunga m'tizidutswa, ndipo kukula kwa kachidutswako ndiko amati buffer. Mukajambula pa 48 kHz, ndiye kuti pa sekondi imodzi pali timagawo 48,000. Buffer ya 128 imachedwetsa mawu ndi mamilisekondi osakwana 3, pomwe ya 1,024 imafika pa 21, ndipo kuchedwako kumachitika polowa ndi potuluka pomwe. Pa pepala zikuwoneka zochepa, koma valani mahedifoni mumve liwu lanu likubwera m'mbuyo mwa milomo yanu. Mumayamba kukoka nyimbo osadziwa, wa kiyibodi n'kumakuyang'anani ngati mwayiwala nyimbo yanu yomwe. Ndi driver yabwino mumatsitsa buffer pojambula, n'kuyikwezanso pomikisa kuti laputopu isatsamwe. Direct Monitor ndiye njira yachidule: imakupatsani mawu anu asanalowe n'komwe m'kompyuta, popanda kuchedwa.

Amene akuti Scarlett sakunama. Focusrite Scarlett ndi yabwino, driver yake ndi yokhazikika, ndipo mtundu wachinayi unatuluka mu 2023. Koma Solo ili ndi polowera maiki pamodzi pokha, kwinako ndi kwa gitala kapena kiyibodi ya chingwe chimodzi. Tsiku lomwe mudzafune kuyimba awiri ndi mnzanu wa alto, aliyense maiki yake, mudzasowa pobaya. Ya 2i2 ili ndi powiri, koma ikhoza kudya gawo lalikulu la K5,000 yanu, inu n'kubwerera kunyumba ndi kabokosi kofiira kopanda maiki. Ine ndikuti funani Behringer UMC202HD. Polowera ndi powiri, paliponse pamalandira maiki kapena chingwe cha kiyibodi, ndipo ili ndi driver yake. Zilembo ziwiri za kumapetozo muziwerenge bwino. Azing'ono ake, UM2 ndi UMC22, pa Windows amadalira ASIO4ALL, pulogalamu yobwereka yomwe imagwira ntchito koma imafuna kuyinyengerera. Mukapeza Scarlett 2i2 yogwiritsidwapo kale ntchito pa mtengo wabwino, tengani, bola muyiyese kaye.

Timabokosi tonseti timadya moto wa pa USB, ndipo kwa ife a mu Lusaka imeneyi si nkhani yaing'ono. Mukukumbukira 2024, madzi atatsika ku Kariba, mmene malaiti ankapitira pafupifupi tsiku lonse. Anzanga a makompyuta a pa tebulo ndi masipika akuluakulu anakhala manja lende. Ine ndi laputopu, interface ndi mahedifoni ndinkajambula maola awiri pa batire. Ndipo ndinapezapo phindu lina: malaiti akapita firiji imakhala chete, masipika a ku bala amakhala chete, ndiye pamakhala kamphindi ka bata aneba asanalize jenereta. Ngakhale malaiti alipo, mukamva kung'ung'uza kwa pansipansi m'mahedifoni, zulani chaja cha laputopu mumve ngati kwatha. Magetsi athu ndi a 50 Hz, ndipo chaja chotchipa kapena soketi yopanda waya wa pansi imalowetsa kulira kumeneko m'mawu. Malaiti akapita muzizulanso zonse ku khoma, chifukwa pobwera nthawi zina amabwera ndi ukali.

Pa pulogalamu yojambulira, ija amati DAW, ndipamene anthu amakangana kwambiri muno, pomwe ndi pamene kusiyana kwa mawu kuli kochepa. FL Studio, ya kampani ya Image-Line ya ku Belgium, ndiyo anyamata ambiri opanga mabiti amagwiritsa ntchito, ndipo pa mabiti ndi yokoma. Ukagula kamodzi, zatsopano zonse amakupatsa osalipiranso. Koma samalani: yotsika mtengo kwambiri, Fruity Edition, sijambula mawu a pa maiki, pamafunika Producer Edition. Yoyeserera yaulere imakulolani kusunga ntchito koma osayitsegulanso mpaka mutagula. Tsono "yaulere" yomwe mwalonjezedwayo ndi yothyola. Sindikhala ngati woyera, nanenso ndinayambira komweko, pa pulogalamu ina yomwe mnyamata wina anandiyikira kuchokera pa fulashi yake. Inabwera ndi alendo. Laputopu inayamba kutentha ngati mbaula ili chikhalire, ndipo tsiku lina ntchito ya kwaya yonse, nyimbo zinayi, inakana kutseguka kutatsala masiku atatu kuti ndipereke. Ndinakabweza ndalama kwa abusa ndi manja awiri, maso ali pansi.

Inu simukupanga mabiti, mukujambula mawu ndi kiyibodi. Tengani Reaper. Inapangidwa ndi kampani ya Cockos, ya Justin Frankel, yemwe uja anapanga Winamp. Fayilo yake ndi yaing'ono, cha m'ma 15 MB, bandulo ya tsiku limodzi ikwana. Mumayiyesa yathunthu masiku 60, ndipo chiphaso cha munthu wojambulira kunyumba ndi madola 60. Pa laputopu ya 8 GB imathamanga bwinobwino, ndipo zokonzera mawu zoyambira, ReaEQ, ReaComp ndi ReaTune, zili momwemo. Kuyipa kwake n'kwakuti maonekedwe ake sakopa, ndipo sabata yoyamba mudzayitukwana. Pirirani. Masitudiyo ena akadali pa pulogalamu yakale ya Cubase 5 ya 2009 ndipo nyimbo zikutulukabe, chifukwa mwini wake amayidziwa ngati khitchini yake.

Mahedifoni mugule otseka makutu onse, monga Audio-Technica ATH-M20x, kuti biti isatayikire m'maiki. Masipika a situdiyo asiyeni kaye, m'chipinda cha simenti adzakunamizani. Ndalama yotsala ipite ku chingwe chabwino cha XLR ndi choyimikira maiki, chifukwa maiki ya m'manja imajambula ndi kugwedezeka kwa zala komwe.

Chipinda chikonzeni ndi zomwe muli nazo. Matileyi a mazira omwe anthu amamata ku khoma ndi opyapyala kwambiri, ntchito yawo yaikulu ndi kusunga mphemvu. Imikani matiresi ku khoma kumbuyo kwanu, pachikani mabulangete olemera awiri a salaula m'mbali, pansi muyale kapeti kapena bulangete lina. Ngati muli ndi wodiropu yodzaza zovala, itseguleni muyimbe moyang'ana momwemo. Musayime pa ngodya. Ndipo ngati denga ndi la malata, werengani miyezi: mvula ikayamba mu Novembala, kujambula kumakhala kodikira mitambo mpaka cha mu Malichi.

Pojambula, ikani 24-bit ndi 48 kHz, musazigwirenso. Inu a m'kwaya muli ndi vuto limodzi lomwe ndimaliwona nthawi zonse: poyesa maiki mumayimba mwaulemu, koma kolasi ikafika mumatsegula chifuwa chonse. Choncho poyesa yimbani malo okwera kwambiri a nyimboyo, mutembenuze gain, batani la pa interface lokwezera mawu olowa, mpaka mita izifika pakati pa -12 ndi -6 dB. Kanyali kofiira kakayaka, tsitsani. Mawu otsika amakwezedwa pambuyo pake, koma mawu osweka palibe amene angawasoke. Ndipo popeza kumikisa ndi luso lina lomwe limatenga zaka, nyimbo zoyambazi mukhoza kujambula nokha kunyumba, mosathamangitsidwa ndi wotchi, kenako n'kulipira munthu wa situdiyo kuti amikise kokha. Mumutumizire mafayilo a WAV, mawu paokha, kiyibodi payokha, onse oyambira pa chiyambi chimodzi. Pa WhatsApp muwatumize ngati document kuti afike momwe alili. Nyimbo zikatha, kazilembetseni ku ZAMCOPS, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ku Zambia, musanazimwaze.

Pokagula, kaya m'mashopu a m'tauni kaya kwa munthu wa pa Facebook, nyamulani laputopu yanu driver mutayikiratu. Bayani maiki polowera ponse pawiri, tembenuzani gain pang'onopang'ono mumve ngati ikukhetchera, gwedezani chingwe cha USB muwone ngati kabokosiko kakuzima. Wogulitsa akakana kuti muyese, tsanzikani. Ndalama ya pa foni musatumize katundu musanamugwire. Mitengo imayenda ndi dola, ndiye funsani malo atatu tsiku lomwelo.

Kujambula kwa chete kwa mphindi imodzi kuja, mukapanga mutumize muno timve, kamodzi masana kamodzi usiku. Kukapezeka kuti kwanuko kuli zii kuposa kwathu ku Chilenje, tikambirananso za condenser.