Mfiti sizinamuuze Macbeth kuti aphe munthu

Mng'ono wanga, wanena kuti uli Fomu 4 ndipo mukuphunzira Macbeth, sewero la Shakespeare. Aphunzitsi anu akuti chinamugwetsa munthuyu ndi dyera la ufumu, koma iwe ukuona ngati mfiti zija zinachita kumulodza, mkazi wake n'kudzangomalizitsa. Ndiye ukufunsa kuti wolakwa weniweni ndani. Ndaona ena akuyankha kale kuti ndi mkaziyo basi. Ine sindikugwirizana nawo, ndipo ndikupempha utsegule bukulo tiyendere limodzi, chifukwa yankho lili momwemo.

Yamba ndi Act 1, scene 3, pamene Macbeth ndi Banquo akumana ndi mfiti zitatu pochokera kunkhondo. Werenga bwinobwino zimene zikunena. Zikumulonjera kuti Thane wa Glamis, udindo umene ali nawo kale. Zikumulonjeranso kuti Thane wa Cawdor, udindo umene mfumu Duncan yamupatsa kale ngakhale iye sanamve. Kenako zikuti adzakhala mfumu. Zathera pomwepo. Palibe pamene zatchula mpeni, magazi kapena dzina la Duncan. Koma Banquo akuona mnzake akudzidzimuka ngati wamva zoopsa, mpaka akumufunsa kuti akuopa chiyani pa mawu okoma chonchi. Munthu wouzidwa kuti adzakwezedwa sanjenjemera, pokhapokha ngati mawuwo akhudza chinthu chimene anali nacho kale mumtima. Ross, mthenga wa mfumu, atangobwera ndi uthenga wa Cawdor, Macbeth akuyamba kudziyankhulira yekha, ndipo iye mwini ndiye woyamba m'sewero lonse kutchula zakupha mfumu. Akuti ganizolo likumuimitsa tsitsi. Pa nthawiyi mkazi wake sitinamuone n'komwe.

Mu scene 4 Duncan akulengeza kuti mwana wake Malcolm ndiye adzalowe ufumu, ndipo akumupatsa udindo wa Prince of Cumberland. Macbeth akupatukira pambali n'kunena kuti Malcolm ndi chopunthwitsa chimene ayenera kuchidumpha, akupempha nyenyezi zibise kuwala kuti zisaone zofuna zake zakuda. Lady Macbeth akutulukira koyamba mu scene 5, akuwerenga kalata. Tsono amene akuti mkaziyo ndiye anadzala ganizolo alongosole kaye za scene 3 ndi 4.

Ndikumvetsa chifukwa chake ukuganiza zolodzedwa. Kwathu kuno tikamva kuti mfiti, timaganiza za munthu wochita chinthu pa mnzake: kumudwalitsa, kumuzunguza mutu, kumutsekera mwayi. Mfiti za Shakespeare zili ndi malire, ndipo zikuvomera zokha. Kumayambiriro kwa scene 3 yomweyo, imodzi ikufotokoza za mkazi wa woyendetsa sitima amene anaimana chakudya. Ikuti ibwezera pa mwamuna wake, imusowetsa tulo, imuwindukitsira namondwe, koma sitimayo singathe kuimiza. Zimatha kuvundula, kumiza ayi. Umboni wina ndi Banquo. Nayenso analandira ulosi, woti ana ake adzakhala mafumu. Usiku maganizo oipa amamubwereranso, mpaka mu Act 2 akupemphera kuti amuchoke. Koma sanaphe munthu. Anthu awiri, mawu ochokera pakamwa pamodzi, njira zosiyana. Iye yemweyo anachenjeza Macbeth kuti mizimu yamdima imatiuza zoona pa tinthu tating'ono kuti itikole pa zazikulu.

Kuti umvetse chifukwa chake mfiti zili m'seweroli, dziwa nthawi imene linalembedwa. Shakespeare analilemba cha m'ma 1606, patangopita zaka zochepa James, mfumu ya Scotland, atalowanso ufumu wa England mu 1603. James ankakhulupirira za ufiti kwambiri. Mu 1590 anthu a ku North Berwick anazengedwa mlandu woti anautsa namondwe kuti amize sitima yake pochokera ku Denmark, ndipo iye mwini anakhalapo pofunsa ena mwa iwo. Mu 1597 analemba buku lonse la nkhani za ufiti. Iye yemweyo ankati mtundu wake unachokera kwa Banquo. M'buku la mbiri la Holinshed, mmene Shakespeare anatenga nkhaniyi, Banquo anali nawo pa chiwembu chopha Duncan. Shakespeare anamuyeretsa, chifukwa sukanaonetsa kholo la mfumu likupha mfumu, pamene mfumuyo ndiyo inkasamala gulu lako la zisudzo. Onjezerapo kuti mu Novembala 1605 kunali chiwembu chofuna kuphulitsa nyumba ya malamulo ndi James yemwe ali momwemo. Anthu oonera seweroli nkhani yopha mfumu inali idakali m'makutu mwawo.

Tsopano za mayiyo. Sindikumuchotsera mlandu. Ndiye anaitana mizimu kuti imuchotse chifundo chachikazi, ndiye anakonza zoledzeretsa alonda, ndiye anauza mwamuna wake kuti nkhope ikhale ngati duwa koma pansi pake pakhale njoka, chikomekome cha mkuyu chenicheni. Koma malo amene ndikufuna uwerenge mobwerezabwereza ndi Act 1, scene 7, chifukwa sewero lonse latsamira pamenepo. Macbeth wachoka pa chakudya, ali yekha, palibe mfiti, palibe mkazi. Akudziwerengera yekha zifukwa zoti asaphe. Duncan ndi mbale wake. Ndi mfumu yake. Ndi mlendo m'nyumba mwake, ndipo mwininyumba ayenera kutsekera wakupha kunja, osati iye mwini kunyamula mpeni. Ndi mfumu yofatsa imene imfa yake idzaliritsa dziko. Akudziwanso kuti wophunzitsa anthu kukhetsa magazi, phunzirolo limamubwerera. Pomaliza akuvomera kuti alibe chifukwa china chilichonse kupatula khumbo lokwera pamwamba. Wolodzedwa sayankhula chonchi. Awa ndi mawu a munthu wamaso, amene wayeza zonse n'kuona kuti n'zoipa. Akuuzadi mkazi wake kuti nkhaniyi ithere pomwepa.

Ndiye mkaziyo akumugwira potani? Sakutsutsa ngakhale chimodzi mwa zifukwa zija. Akungomunyoza kuti si mwamuna, ndi wamantha, chikondi chake n'chapakamwa. Akunena mawu oopsa aja akuti iye akanalumbira chotero, akanachotsa khanda lake kubere n'kuliphwanya mutu. Ndipo tamvera chimene chikumutembenuza Macbeth: akufunsa kuti nanga tikalephera? Atamva kuti mlandu ugwera alonda, mtima ukukhala pansi. Chimene chinkamubweza kwenikweni pa mphindi imeneyo chinali kuopa kugwidwa. Msilikali amene mu scene 2 tinamva kuti anang'amba mdani kuyambira pamchombo mpaka kuchibwano sakanakakamizidwa ndi mawu a munthu aliyense akanakhala kuti sakufuna.

Chimene ndimachikonda kwambiri m'seweroli, ndipo chimene chingakupatse malikisi ambiri ukachigwira, ndi mmene chikumbumtima chikuyendera mwa anthu awiriwa. Akusinthana malo. Usiku wakupha, Act 2, scene 2, wosweka ndi mwamuna. Akuti anamva anthu awiri atadzidzimuka kutulo akupemphera koma iye "Amen" inamukanirira pakhosi. Akuti anamva liwu likufuula kuti wapha tulo, sadzagonanso. Waiwala n'kubwera ndi mipeni m'manja, ndipo akukana kubwereranso kuchipindako. Akuyang'ana manja ake n'kunena kuti nyanja yonse singawatsuke, m'malo mwake nyanjayo ndiyo ingafiire. Mkaziyo akutenga mipeni, akukapaka alonda magazi, akubwera n'kunena kuti timadzi pang'ono tichotsa zonsezi. Komabe pali kamng'alu kamene ambiri sakaona. Asanabwere mwamuna wake, ali yekha, ananena kuti Duncan akanapanda kufanana ndi bambo ake mmene anagonera, akanamupha yekha. Ananenanso kuti wamwako vinyo kuti alimbe mtima. Kulimba kwake n'kochita kudzikakamiza.

Tsatira tsopano amene akuphedwa pambuyo pake. Alonda awiri aja, Macbeth akuwapha yekha m'mawa, zimene sizinali m'pangano. Banquo akumutumira anthu aganyu, ndipo mkazi wake atafunsa, akumuuza kuti asadziwe kanthu mpaka ntchito itatha. Mu Act 1 anamutcha mnzake wapamtima pa ukulu umene ukubwera, mu Act 3 akumubisira. Paphwando, mzukwa wa Banquo ukuoneka kwa iye yekha, mayiyo akuyesetsa kuphimba manyazi mpaka kubalalitsa alendo, ndipo aka n'komaliza kuwaona awiriwa ali pamodzi. Usiku womwewo Macbeth akuti walowa m'magazi mpaka pakati, moti kubwerera n'kotopetsa chimodzimodzi ndi kuwoloka. Mu Act 4 mfiti sizikumutsata, akuzifunafuna ndi iye. Zikumuuza kuti achenjere ndi Macduff, Thane wa Fife. Sizikunena za mkazi wa Macduff kapena ana ake. Atamva kuti Macduff wathawira ku England, akulamula yekha kuti onse a m'nyumba ya ku Fife aphedwe. Kupha Duncan kunamupatsa ufumu, kupha Banquo ankati kuteteza ufumuwo, koma kamwana kaja kophedwa pamaso pa mayi ake sikanamupindulire kalikonse. Apa palibe mfiti kapena mkazi woti timuloze chala.

Pamene mwamuna akuuma, mkazi akusungunuka. Act 5, scene 1 ndi yaifupi, koma uiloweze. Dokotala ndi mayi womutumikira akumuona akuyenda ali m'tulo, nyali ili m'manja, chifukwa analamula kuti kuwala kusamachoke pafupi naye. Uyu ndi yemwe uja anaitana mdima wandiweyani mu Act 1. Akupukuta manja osaleka, akuti banga silikuchoka, fungo la magazi likadalipo, mafuta onse onunkhira a ku Arabia sangalithetse. Uyu ndi yemwe uja wa timadzi pang'ono. Akudabwa kuti nkhalamba ija inali ndi magazi ochuluka chotere. Ndipo akufunsa kuti Thane wa Fife anali ndi mkazi, ali kuti tsopano? Imfa imeneyo sanaikonze iye, koma akuisenza. Dokotala akuti matendawa akufunika wansembe kuposa sing'anga. Mwamuna wake mu scene 5 akunena kuti waiwala ngakhale kakomedwe ka mantha. Atamuuza kuti mfumukazi yamwalira, salira. Akuti moyo ndi nthano yokambidwa ndi chitsiru, yodzaza phokoso koma yopanda tanthauzo. Kwa ine ichi ndicho chilango chake chachikulu, choposa lupanga la Macduff: munthu amene ankamva zonse mopitirira muyeso wasanduka wosamva kanthu.

Pa nkhani ya umuna ija, yerekeza ndi Act 4, scene 3. Macduff atamva za banja lake, Malcolm akumuuza kuti alimbe ngati mwamuna. Iye akuyankha kuti achita zimenezo, koma ayeneranso kumva ululuwo ngati mwamuna. Shakespeare waika tanthauzo lina la umuna pambali pa lija la Lady Macbeth, ndipo funso lokhudza mutu umenewu likabwera, malo awiriwa uwaike pamodzi.

Maulosi omaliza aja ndi mawu a mbali ziwiri. Palibe wobadwa mwa mkazi angamupweteke, ndipo sadzagonja mpaka nkhalango ya Birnam itafika ku Dunsinane. Asilikali a Malcolm akudula nthambi kuti abise kuchuluka kwawo, nkhalango n'kuoneka ikuyenda. Macduff anachita kutumbulidwa m'mimba mwa mayi ake nthawi isanakwane. Mfiti sizinaname, koma Macbeth anasankha kumva mbali yomukomera, monga anachitira pachiyambi pomwe.

Chenjezo limodzi: Macbeth anakhalapodi, analamulira Scotland kuyambira 1040 mpaka 1057, ndipo Duncan anafera kunkhondo, osati pabedi. Mu 1050 Macbeth anapita ulendo wachipembedzo ku Rome, zimene zikusonyeza kuti ufumu wake unali wokhazikika ndithu. Zimenezi uzidziwe, koma pamayeso akufunsa za munthu wa m'sewero.

Tsono funso loti wolakwa ndani likabwera, usangosankha dzina limodzi n'kutaya enawo. Onetsa mbali ya mfiti ndi malire ake, mbali ya mayiyo ndi pamene yathera, kenako tsindika pa Macbeth ndi umboni wa scene 7 ndi wa ku Fife. Ndime iliyonse ikhale ndi chochitika chenicheni, wanena ndani, kwa yani, liti. Chingerezi chake chakale chisakuopseze. Seweroli ndi lalifupi mwa masewero onse achisoni a Shakespeare. Pezani anzanu angapo, gawanani mayina, muwerenge mokweza Act 2, scene 2 usiku wina, wina azigogoda pachitseko pamene bukulo lanena. Mizere yaifupi ija ya mwamuna ndi mkazi akufunsana mwamantha imamveka ikatuluka pakamwa kuposa ikakhala papepala. Mukatha, kanganani pa mawu a Malcolm akumapeto, pamene akuwatcha wopha anthu ngati nyama ndi mfumukazi yonga chiwanda. Malcolm sanamve zimene Macbeth ankadziyankhulira yekha, ndipo sanaone mayi uja akupukuta manja. Iwe unamva ndipo unaona, choncho ulembe ngati ukugwirizana naye kapena ayi, ndi zifukwa zako.