Fyuluta ya UV/IR cut imeneyo siyoonetsa mitambo ya Venus

Mwafunsa ngati fyuluta ya UV/IR cut yomwe mukufuna kugula ingakuonetseni mitambo ya Venus pojambula ndi telesikopu. Imani kaye achimwene, ndalamayo musatumize. Fyuluta mwaika pachithunziyo, yoonekera mbee ngati galasi la zenera, yothwanima mofiirira mukaipendeketsa, ntchito yake ndi kutchinga UV (ultraviolet) ndi IR (infrared), mitundu ya kuwala komwe maso saona. Imalowetsa kuwala kuyambira pafupifupi 400 mpaka 700 nm basi (nm ndi nanomita, muyeso wa kutalika kwa mafunde a kuwala). Pomwe mizere ya mitambo ya Venus imaonekera cha pa 365 nm, kunja kwa mpanda umenewo. Ndiye mukhala mwagula chotsekera pomwe mumafuna chotsegulira. Yoyenera ndi yolowetsa UV yokha, monga Baader U kapena Astrodon UVenus, zolowetsa pakati pa 320 ndi 380 nm. Imeneyo mukaiyang'anitsa ku babu simuona kanthu kuseri kwake.

Ogulitsa ena a pa intaneti amandinyansa ndi zimenezi. Kusiyanaku amakudziwa bwinobwino, koma amalemba "UV" zilembo zikuluzikulu, pambali pake chithunzi chokongola cha Venus chojambulidwa ndi chombo cha m'mlengalenga, graph yoonetsa kuwala komwe fyulutayo imalowetsa palibe. Ukafunsa graph amangoyankha kuti katundu ndi orijino. Oipitsitsa ndi ogulitsa galasi lakuda lotchipa lija, la mtundu wa UG1, UG11 kapena ZWB, osanena kuti limadontha. UV limalowetsadi, bodza palibe, koma lili ndi khomo lachiwiri kuyambira cha pa 700 nm, kumene kuli infrared. Sensa ya kamera imamva kuwala kwa kumeneko kwambiri kuposa kwa 350 nm, ndiye kadontho kameneko kamamiza UV yense.

Mmene zimapwetekera ndi chonchi. Munthu wadzuka 4 koloko m'mawa kuli chisanu, watulutsa telesikopu kuti izizire, wawongola akalilole, wapeza Nthanda, ndiye Venus amene. Pa laputopu Venus akuwala phwee, exposure (nthawi yomwe kamera imatolera kuwala pa fulemu iliyonse) ili pa mamilisekondi (ms) 1 kapena 2, gain (kukweza mphamvu ya sensa) yotsika, mafulemu akuthamanga mazanamazana pa sekondi. Mtima m'malo, akuti fyuluta yotchipayi ndi yamphamvu. Chenjezo linali pomwepo, chifukwa UV weniweni sawala choncho. Wadzaza hard drive ndi mavidiyo, dzuwa latuluka, walowa m'nyumba, wasanjikiza mafulemu mu AutoStakkert, pulogalamu yowaphatikiza kukhala chithunzi chimodzi. Chotuluka ndi kachibenthu koyera, kosalala ngati dzira losenda. Ndiye akuyamba kukankha ma wavelet, zonolera chithunzi za mu pulogalamu ya RegiStax, mpaka m'mphepete mwa pulanetiyo mutatuluka mzere wakuda wotsatira mkombero, n'kumadzinamiza kuti ndi mitambo. Mawa lake mzere womwewo, pamalo pomwepo. Mitambo ya Venus imazungulira pulanetiyo m'masiku 4 okha, choncho chithunzi cha lero ndi cha mawa siziyenera kufanana m'pang'ono pomwe. Zikafanana, ndi zopanga kompyuta. Pofika pozindikira, masabata apita, Venus wayandikira dzuwa, fyuluta ina ikadali m'njira, ndipo Venus amabwerera pamalo omwewo patatha masiku 584. Wogulitsa uja phee, mauthenga akungowerenga.

Kuyesa kwake n'kwa mphindi imodzi. Mangani fyuluta pa kamera m'chipinda cha mdima, lozetsani rimoti ya TV n'kudina batani. Kababu ka rimoti kamatulutsa infrared cha pa 940 nm. Kakaoneka kowala pa sikirini, fyuluta ikudontha. Rimoti yokha sigwira kudontha kwa pa 700 mpaka 750 nm, ndiye ngati muli ndi fyuluta ya IR pass ya 685 nm (yolowetsa kuwala koyambira pa 685 nm kupita m'mwamba kokha), isanjikizeni pa ya UV n'kuyang'anitsa panja masana pa exposure yomwe mumajambulira. Payenera kuda bii. Galasi lodontha limachiritsika poliphatikiza ndi galasi lotchinga infrared la mtundu wa BG39 kapena S8612, koma UV winanso amatsalira m'menemo.

Fyuluta ikakhala yabwino nkhani sinathe, chifukwa galasi lililonse lomwe kuwala kwadutsamo limadyako UV. Mfumu pa ntchitoyi ndi telesikopu ya mtundu wa Newtonian, akalilole awiri a aluminiyamu popanda lenzi. Matelesikopu a mtundu wa SCT ndi Maksutov, okhala ndi akalilole komanso galasi kutsogolo, amatha, koma galasi la kutsogolo lija ndi zokutira zake zimachotsako, ndiye chithunzi chimadera. Refractor (telesikopu yogwiritsa malenzi) ya malenzi ambiri ndiyo yovutitsitsa. Diagonal, kachipangizo kokhotetsa kuwala kumapeto kwa telesikopu, chotsani, makamaka ya dielectric, zokutira zake anazipangira kuwala kooneka ndi maso. Barlow (lenzi yokulitsa chithunzi) wamba wa magalasi omatidwa amatha kukudulirani kuwala kochuluka. Yesani motere: jambulani ndi Barlow, jambulaninso popanda, muone histogram, graph yoonetsa kuchuluka kwa kuwala m'chithunzi. Barlow wa 2x pa yekha amayenera kuchepetsa kuwala kanayi. Kukatsika kuposa pamenepo, kotsalako wadya ndi galasi. Ma Barlow a galasi lotchedwa fused silica ndiwo oyenera.

Kamera ikhale ya mono, yojambula zakuda ndi zoyera zokha. Ya mitundu ili ndi timafyuluta ta mitundu totchedwa Bayer pa pixel iliyonse, ndipo zina zili ndi kazenera ka UV/IR cut patsogolo pa sensa, komwe kamapha zonse. Kamera ya DSLR yosasinthidwa iwalani.

Kenako mpweya. Ozoni imameza pafupifupi chilichonse cha pansi pa 300 nm, ndipo kuwala kwa 350 nm mpweya umakumwaza ka 16 kuposa kwa 700 nm. Venus ali pansi pa madigiri 30 mukungotaya tulo, komanso akakhala pansi mpweya umamutambasula ngati prism, mbali ya UV koposa. Vuto ndi lakuti Venus satalikira dzuwa kupitirira madigiri 47, ndiye akakwera bwino kumakhala kwacha. Mupezeni kusanache, mount (makina onyamula telesikopu) izimutsatira, mujambule dzuwa litangotuluka chubu chisanatenthe. Ikani telesikopu pamthunzi wa khoma pomwe dzuwa silingalowe m'chubu ngakhale itagwedezeka, finder (katelesikopu kakang'ono kolozera) muivundikire. Diso silibwerera, sensa nayo imapsa. Kwathu kuno njira ya mapulaneti imadutsa pamwamba ndithu, mwayi umene a ku Britain alibe, koma September ndi October utsi wa moto wa kutchire ndi fumbi zimapha UV ngakhale kumwamba kukuoneka kopanda mtambo. Kukayera bwino mvula itatha, ndi pamenepo.

Fokasi chitani fyuluta ili pomwepo. Pakakhala lenzi iliyonse panjira, UV amakumana pamalo osiyana ndi kuwala kwina, ndiye mukafokasa kaye n'kuika fyuluta pambuyo mwaphonya. Yang'anani nsonga za kachibenthuko, zikathwa mwafika. Pa ma pixel a 2.9 micron musapitirire f/15 (nambalayi ikamakwera chithunzi chimakula koma chimadera), kuwala n'kochepa kale. Exposure imagwera pakati pa 10 ndi 30 ms malinga ndi telesikopu, gain yokwererapo, histogram cha pa theka kapena kupitirira pang'ono. Jambulani vidiyo ya mtundu wa SER mu pulogalamu ya FireCapture kapena SharpCap, ROI (gawo la sensa lomwe mukujambulira) yaing'ono, mphindi 5 mpaka 10. Venus si Jupiter, mitambo yake siifufutika m'nthawi imeneyo. Mafulemu akhale masauzande, musanjikize abwino okhaokha, 10 kapena 20 pa 100 aliwonse. Ponola gwiritsani ma wavelet akuluakulu, chifukwa mizere yake ndi yotakata komanso yofooka, nthawi zina ngati chilembo cha Y chogona chammbali. Mukafuna mtundu, UV ikani ku buluu, chithunzi cha IR ku red, green mupange posakaniza ziwirizo.

Komabe ngati thumba silikulola, musachite kudikira ya mtengo. Charles Boyer, woweruza milandu wa ku France amene ankakhala ku Brazzaville, anayamba kujambula Venus mu 1957 ndi telesikopu yapakhomo, filimu ndi fyuluta ya vayoleti chabe, n'kupeza kuzungulira kwa masiku 4 kuja. Akatswiri ambiri anakayika mpaka chombo cha m'mlengalenga cha Mariner 10 chitatumiza zithunzi za UV mu 1974. Ndiye fyuluta ya vayoleti yotchipa yotchedwa Wratten 47 imaonetsako mizere, mofooka koma mowala, ndipo pa SCT nthawi zina imaposa fyuluta ya UV yeniyeni. Nayonso imadontha infrared, ndiye imafuna chotchinga pamwamba pake. Apa ndiye UV/IR cut yanu ija ikulowa, bola funsani graph muone kuti ikuyambira pati. Yoyambira cha pa 380 kapena 390 nm ndi yabwino, yoyambira pa 420 ikudulirani gawo lomwe mukulifunalo. Ndipo pa kamera ya mitundu, pojambula Jupiter kapena nyenyezi ndi refractor, muifunabe kuti nyenyezi zisatupe. Choncho mwina igulenibe, ya 1.25 inchi ikwana, koma wogulitsa wokana kutumiza graph musamupatse ngakhale tambala.