Pa za nkhope zosalira zija, yang'anani manja

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake pa zosema ndi zojambula za Agiriki nkhope zimangoti duu ngakhale nkhani yake ili ya imfa, ngati anthuwo analibe mtima. Ine ndikuti chisonicho chilipo, kungoti anachibisa m'manja ndi m'nsalu.

Tengani mwala wa Orpheus ndi Eurydice umene uli m'nyumba yosungiramo zakale ku Naples. Aroma anachita kutengera kwa Agiriki a m'zaka za m'ma 400 BC, ndipo wina wofanana nawo uli ku Louvre, ku Paris. Orpheus anatsikira kudziko la akufa kukatenga mkazi wake amene anafa atalumidwa ndi njoka, ndipo anamuuza kuti asacheuke mpaka atatuluka. Iye anacheuka. Wosemayo anasankha kamphindi komweko. Eurydice waika dzanja paphewa la mwamuna wake, mitu yawo yawerama, akuyang'anana. Koma kumbuyoku Hermes, woperekeza mizimu, wagwira kale mkono wina wa mayiyo kuti abwerere naye. Nditaona chithunzi chake koyamba ndinkayesa anthu atatu angoima akucheza, mpaka maso atagwera pa dzanja la Hermes lija. Kugwira kwake n'kofatsa, ngati mmene munthu amagwirira namfedwa pomuchotsa kumanda.

Ya nsalu ndi iyi. Pliny, mlembi wakale wa ku Roma, analemba kuti Timanthes, katswiri wojambula wa Chigiriki, pojambula mtsikana Iphigenia akukaperekedwa nsembe, anaonetsa chisoni pa nkhope za onse oima pamenepo, koma atafika pa bambo a mwanayo, Agamemnon, anangowafunditsa kumutu. Chojambulacho chinatayika, koma pa chojambula cha pa khoma lina la ku Pompeii, mzinda wakale wa Aroma, Agamemnon akuoneka chimodzimodzi, wafunda, wafulatira. Kwa ine palibe nkhope imene ikanaposa nsalu imeneyo.

Palinso mtsuko wojambulidwa ndi Euphronios cha m'ma 515 BC. Sarpedon, mwana wa Zeus, mfumu ya milungu ya Agiriki, wagwa pankhondo ya ku Troy, magazi akuchucha m'mabala, ndipo amene akumunyamula ndi mapasa, Tulo ndi Imfa, wina kumapewa wina kumiyendo.

Komabe simunalakwe kufunafuna olira, alipo ndithu, makamaka pa zosema za nyengo yam'tsogolo. Laocoön, wansembe wa ku Troy, pa chosema cha ku Vatican, amene anafukulidwa ku Rome mu 1506, wayasama ndi ululu njoka zitamukulunga pamodzi ndi ana ake awiri. Mayi Niobe wa m'nyumba yosungiramo zosema ndi zojambula ya Uffizi, ku Florence, nkhope wayang'anitsa kumwamba, mivi ya milungu Apollo ndi Artemis ikutha ana ake. Komatu naye muoneni manja: limodzi lafungatira kamtsikana kamene kamukakamira m'mawondo, linalo likukoka chofunda kuti akaphimbe.