Galaja yakhala shopu, koma bureka ikungogwa

Funso: Ndili ku Dedza, kufupi ndi boma. Nyumba yathu inamangidwa m'ma 1980, tinasiyiridwa ndi malemu bambo. Galimoto tinagulitsa, ndiye galaja ndayamba kugwiriramo ntchito ya ukalipentala ndi kuwotcherera. Muli soketi imodzi ndi babu limodzi. Ndikangoyatsa makina owotcherera, mababu a m'nyumba amazilala, bureka imagwa, soketi nayo yada. Nthawi zina ndikagwira makinawo amandigwedeza pang'ono. Mnzanga akuti ndingogula bureka yayikulu. Nditero?

Yankho: Musayerekeze, achimwene. Bureka ntchito yake ndi kuteteza waya. Mukaika ya 40A pa waya wonyamula 20A, bureka isiya kugwa ndithu, koma waya azipsa mu siling'i inu muli mtulo.

Vuto lanu ndaliona kale ndisanafike. Soketi ya m'galajamo anangoyilumikiza kuchokera ku soketi ya kuchipinda kapena kukhitchini, ndi waya wa 2.5mm², mwinanso 1.5mm² wa mababu ngati womangayo anali woumira. Anaiikira wailesi ndi kutchaja batire la galimoto. Pulagi yathu ya mapini atatu imathera pa 13A, pomwe makina owotcherera akale aja, olemera a transformer, amakoka kupitirira 30A ndodo yowotcherera ikagwira chitsulo. Kuda kwa soketi kwachokera pamenepo.

Kokani chingwe chakechake kuchokera pa DB ya m'nyumba, bolodi lokhala mabureka lija, kukafika m'galaja, cha 6mm², kapena 10mm² ngati galajayo yatalikirana ndi nyumba. M'galajamo muike DB yaing'ono yokhala ndi earth leakage ya 30mA, chipangizo chozimitsa magetsi akayamba kutayikira kunja kwa waya. Makina owotcherera akhale ndi bureka yawo ya mtundu wa C, yosagwa msanga makina akamalizidwa, ndi soketi ya 32A, yabuluu ija. Masoketi a grinder ndi sowo akhale pa 2.5mm², mababu paokha, kuti bureka ikagwa musatsale mumdima sowo ili kuzungulira. Zonse zidutse mu conduit, mapaipi odutsamo waya, chifukwa makoswe a m'galaja sasiya waya. Ngati mukulota makina aakulu opalira matabwa, kapempheni three phase, magetsi oyendetsa makina aakulu, ku ESCOM. Mawaya akale ofiira ndi akuda si olakwa chifukwa cha mtundu wake, koma ngati chikopa chake chikusweka mukachipinda, kapena pa bolodi pakadali mafyuzi omanga ndi kawaya, chotsani zonse.

Waya wotchipa ndiye ndatopa naye. Mpukutu walembedwa 2.5 koma mkati ndi aluminiyamu wopakidwa mkuwa pamwamba. Palani ndi mpeni muli pa kauntala pomwepo. Akayera, bwezani.

Koma chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi kugwedezako. Apo ndiye earth, waya wotayira pansi magetsi osochera, palibe, ndipo ine sindigwira china chilichonse m'nyumba yakale ndisanaone earth. Tsatirani waya wobiriwira kuchokera pa DB mpaka komwe wathera. M'nyumba zambiri za nthawi imeneyo ankamumangirira pa paipi yachitsulo ya madzi. Kenako paipi idachita dzimbiri, pulambala n'kuikapo ya pulasitiki, waya uja n'kutsala ali lende, kapena womangirira pa kachidutswa ka chitsulo kosafika pansi. Eni nyumba akhala zaka osadziwa, poti mababu amayaka bwinobwino popanda earth.

Ngati pali ndodo yokhomera pansi, kumbani pang'ono muone pomwe waya wagwirana nayo. Kawirikawiri mupeza kalampu yadyeka, yasanduka yobiriwira, mukaikoka ndi dzanja n'kuzuka. Pena mupeza ndodo anazula kalekale ogulitsa zitsulo zakutha. Pena ilipo koma ndi yaifupi, chifukwa wokhomayo atakumana ndi mwala anangoidula. Kumunsi kwa phiri la Dedza zimenezi n'zosadabwitsa, nthaka yake ndi ya miyala. Ndodo ikhale yokutidwa ndi mkuwa, yosachepera mamita 1.2, ilowe yonse. Ikakana, sunthani malo, kapena khomani yachiwiri motalikirana ndi yoyambayo kuposa kutalika kwake, muzilumikize.

Ndipo muyeze m'chilimwe, cha mu Seputembala kapena Okutobala nthaka itauma gwa. Earth yoyezedwa mu Januwale mvula ili mkati imanamiza. Pa multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, live (waya wobweretsa magetsi) ndi neutral (wowabweza) zikupatseni pafupifupi 230V, live ndi earth chimodzimodzi, neutral ndi earth mavoti ochepa chabe. Live ndi earth zikakupatsani 90 kapena 140, waya wanu sakufika pansi. Komabe multimeter imatha kuonetsa 230V ngakhale earth ili yofooka, ndiye wamagetsi abwere ndi makina ake oyezera earth. Ena amangodina batani la TEST pa earth leakage, ikagwa n'kunena kuti zonse zili bwino. Batani limenelo limangoyesa chipangizocho, silikuuzani kanthu za ndodo ili panja.

Earth ikakhala bwino koma earth leakage n'kumagwa mukangolumikiza makinawo, ndiye kuti makina enieniwo akutaya magetsi ku chitsulo chake. Atsegulitseni, nthawi zambiri ndi fumbi la zitsulo ndi chinyezi cha ku Dedza kuno.

Ntchito ya pa DB ndi chingwe chachikulu mupatse wamagetsi wokhala ndi chiphaso cha MERA, ndipo pa mita ya ESCOM asagwirepo aliyense. Kufikira atabwera, makina owotchererawo azuleni pa soketi. Powotcherera patalikirane ndi utuchi, makamaka ngati mukupala paini wa ku Chongoni, amene utuchi wake suchedwa kuyaka.