Musagule kaye ESC ina, yambani ndi giya

Achimwene, mwati pa Tamiya TT-02 yanu, kagalimoto koyendetsa ndi rimoti kaja, mwachotsa mota yomwe inabwera nayo, mwaikamo ya brushless (yopanda mabulashi mkati) ya 4000KV ndi batire ya LiPo ya 2S (ya maselo awiri), komanso pinion, kagiya ka pa mota, ya mano 25. Galimoto ikumathamanga bwino mphindi zitatu kapena zinayi, kenako n'kuima, chiwongolero chokha n'kumagwira ntchito, mota itatentha kwambiri. Ndiye mukufunsa ngati mugule fani kapena ESC yaikulu, kachipangizo kolamulira moto wopita ku mota. Ndalamayo isungeni kaye. ESC yakufa siyendetsa galimoto mphindi zinayi. Yanuyo ikudula moto dala kuti zinthu zisapse.

Zimene zimaidulitsa moto choncho ndi ziwiri, kutentha kapena kutsika kwa mphamvu ya batire. Galimoto ikangoima musazimitse, chotsani bodi muone kagetsi ka pa ESC. Pa ma ESC ambiri a Hobbywing, kofiira kakamaphethira ndiye kuti batire yatsika, kobiriwira ndiye kutentha. Ngati yanu ndi ya kampani ina, kabuku kake kakufotokoza. Yezaninso batire nthawi yomweyo. Ya 2S yodzaza imawerenga 8.4V, kutanthauza 4.2V pa selo, ndipo ESC nthawi zambiri imadula moto selo ikafika cha m'ma 3.2V. Mukapeza maselo akadali pa 3.8V, ndipo batire si yakale kapena yotupa, ilibe mlandu.

Ine ndikukayikira pinion. TT-02 imabwera ndi spur (giya yaikulu yomwe pinion imazungulitsa) ya mano 70 ndi pinion ya mano 22, ndipo magiya a mkati mwake amachulukitsa ndi 2.6. Gawani 70 ndi 22, muchulukitse ndi 2.6, mupeza 8.27. Ndiye kuti mota imazungulira kasanu n'katatu ndi pang'ono kuti tayala lizungulire kamodzi. Ndi pinion ya 25 nambalayo imatsika kufika 7.28, yomwe ndi giya yolemera kuposa zonse zimene zimalowa ndi spur imeneyo. Mota ya 4000KV, kutanthauza kuzungulira ka 4000 pa mphindi pa V iliyonse, pa 7.4V imafuna kuzungulira pafupifupi ka 29,600 pa mphindi ikakhala yopanda katundu. Inu mwaipatsa giya yoti siingafikeko msanga, ndiye pa kona iliyonse imakoka moto wambiri kuti inyamuke, ndipo motowo umasanduka kutentha. Zili ngati kukwera chitunda pa njinga muli pa giya yam'chigwa.

Tsikani mufike pa 19 kapena 20. Ya 20 ikupatsani 9.1, ya 19 ikupatsani 9.58. Ambiri amaopa kuti galimoto ichedwa, koma pa bwalo la makona ambiri imanyamuka msanga moti nthawi yozungulira bwalo imatha kuchepa ndithu. Pogula onetsetsani kuti ndi ya module 0.6, womwe ndi muyezo wa kukula kwa mano. Ya 48 pitch imaoneka ngati yomweyo, imalowa, koma mano sagwirana ndipo imadya spur. Tengani yachitsulo, chifukwa ya aluminiyamu yobwera ndi galimotoyo imatha msanga, mumangoona girizi wasanduka wotuwa. Chinanso, pomangira mota pa TT-02 pali mabowo osiyanasiyana, pinion iliyonse ndi mabowo ake. Mukasintha pinion koma mota n'kuisiya pa mabowo akale, mano amathinana kapena kutayana. Othinana amalira mokweza ndipo nawonso amatenthetsa mota.

Pinion ili kunja choncho, ikani galimoto pansi posalala muikankhe ndi chala. Iyenera kuyenda yokha kamtunda ndithu, mwakachetechete. Ikaima pompo, pali chikugwira. Zungulitsani tayala limodzilimodzi. Kawirikawiri ndi nati ya tayala yomangitsa, kamwala kolowa m'mano, kapena ulusi ndi tsitsi zokulungana pa ekiselo kuseri kwa tayala, zomwe sizioneka mpaka mutachotsa. Ndipo ngati mudakali ndi mabushi (timphete tomwe maekiselo amazunguliramo) obwera m'bokosi aja, ambiri ake apulasitiki, apa ndiye pofunika ndalama yanu. Ikani mabeyaring'i galimoto yonse. Kuyendetsa brushless pa mabushi ine ndimakuona ngati kuwononga dala.

Mukamanga zonse, yendetsani mphindi ziwiri, imani, yezani mota pathupi pake. Kachipangizo koyezera kutentha kolozetsa kaja n'kothandiza kwambiri. Yesetsani kuti isapitirire madigiri 70. Ngati mulibe, ikani chala. Mukalephera kupirira masekondi atatu, yatentha mopitirira. Izi musazipeputse, chifukwa maginito a mkati akapsa mphamvu yake sibwereranso, ndipo mota yotero imayamba kutentha msanga kuposa kale ngakhale giya ili bwino. Ikakhala yofunda chabe pambuyo pa mphindi zisanu, kwezani pinion dzino limodzi, muyezenso. Ngati munakhudzako timing pa ESC (yowonjezera liwiro la mota), ibwezeni pansi kaye, komanso muchepetse punch (mphamvu yonyamukira). Pa udzu musayendetsepo, TT-02 ndi yapansi kwambiri, ndi ya pa phula, ndipo udzu umaikoka mimba.

Fani si yoipa, ochita mipikisano ambiri ali nayo. Koma kuiika giya isanakonzedwe kumangoziziritsa kunja, mkati mukupsabe.

Onaninso pulagi ya batire. Ngati mukugwiritsabe yoyera ya Tamiya ija, igwireni mukangomaliza kuyendetsa. Ikakhala yotentha kapena yayamba kufewa, ikudya mphamvu ndipo imatha kupangitsa ESC kuganiza kuti batire yatha. Iduleni muike pulagi ya XT60 kapena Deans, koma podula pa batire dulani waya umodzi, muwotcherere ndi kuuphimba, kenako winawo. Mukadula onse awiri nthawi imodzi, pulayazi ilumikiza mawayawo ndipo LiPo ikhoza kuyaka. Mukayesa ndi pinion ya 20, tiuzeni kutentha komwe mwapeza ndi mtundu wa kagetsi kaja.